NYUMBA ZA LENDI: KODI TIMANGE KOMWE AKHONSOLO SAFIKA?

 M'magawo apitawa takhala tikumva za ntchito ya khansala ndi za msonkho wa pamsika. Lero tilowa m'nyumba. Tikambirana za nyumba za lendi, za anthu amene khonsolo ya mzinda imawatuma kuti aziyendera nyumbazo, ndiponso za funso limene ife akatekisiti timafunsidwa kawirikawiri pakhomo la tchalitchi mapemphero akatha: “Aphunzitsi, ndalandira penshoni yanga ndipo ndikufuna kumanga nyumba za lendi. Kodi ndimange kuti?”

Tikanati tipemphe kuti onse amene akukhala nyumba ya lendi akweze mkono, mikono ikanachuluka muno. Tikanati tipemphenso eni nyumba kuti akweze yawo, ikanakwera yowerengeka, ina mwamanyazi. Manyaziwo ngosafunika. Kalembera wa chaka cha 2018 anapeza anthu pafupifupi 989,000 mumzinda wa Lilongwe, 800,000 mu Blantyre, 221,000 mu Mzuzu ndi 105,000 mu Zomba, ndipo anthu akadabwerabe tsiku ndi tsiku kuchokera kumidzi. Bungwe la Malawi Housing Corporation, lomwe linakhazikitsidwa m'chaka cha 1964, silinathe kumangira anthu onsewa. Amene akugoneka mzinda ndi mayi wamasiye uja anamanga zipinda zitatu kuseri kwa nyumba yake ku Ndirande, mphunzitsi wopuma uja ali ndi mdadada ku Chinsapo, ndi mnyamata uja amatumiza ndalama kuchokera ku Johannesburg kuti achimwene ake amumangire ku Mchengautuwa. Popanda anthu amenewa ambiri a ife tikanagona m'makonde a masitolo. Choncho sitinabwere kudzaimba mlandu alandilodi.

Koma pali malangizo ena amene amaperekedwa pabawo, m'minibasi, ngakhale pamaliro pomwe, ndipo ndi amenewo tikufuna tiwayeze lero. Amati: “Ukafuna kupindula, gula malo komwe akhonsolo safika. Kumeneko kulibe za pulani, kulibe msonkho wa malo, kulibe wokufunsa za chimbudzi. Umba zidina, folera malata, miyezi itatu lendi yayamba kulowa.” Amene amanena izi si anthu opusa ayi. Ena a iwo anayendapo ndi mapepala m'maofesi mpaka nsapato kutha. Tiwamvetsere bwino, kenaka tione ngati malangizo awowo angapirire mvula ya mu Januwale.

Kuyendera nyumba sikunayambe ndi khonsolo

Ambiri timaganiza kuti ntchito yoyendera nyumba inabwera ndi atsamunda. Mukafika kunyumba mukatsekule buku la Levitiko, mutu 14, chakumapeto kwake. Mukapeza kuti pakati pa Aisraele, makoma a nyumba akachita nguwi, mwini nyumbayo ndiye ankapita yekha kukauza wansembe. Wansembeyo asanalowe ankalamula kuti katundu yense atulutsidwe, kuti munthu asaluze nyumba ndi mphasa zomwe. Akaona kuti banga lalowerera m'khoma ankaitseka nyumbayo masiku asanu ndi awiri. Pobweranso, akapeza kuti bangalo lafalikira, ankalamula kuti miyala yogwidwayo igumulidwe ikatayidwe kunja kwa mudzi, makoma apalidwe, aikepo miyala ina ndi kumatanso. Kugwetsa nyumba yonse kunkabwera pomalizira penipeni, vuto likabwereranso pambuyo pa zonsezi.

Taonani ndondomeko imeneyi. Woyendera sankabwera ndi nkhwangwa tsiku loyamba. Ankaona, n'kupereka nthawi, n'kubweranso kudzaona ngati zakonzedwa. Ankasamala za katundu wa mmphawi. Ndiponso mwini nyumba sankathira laimu pabangapo kuti abise. Buku la Deuteronomo, mutu 22 ndime 8, likuonjezerapo china. Nyumba za kumeneko zinali ndi madenga afulati pomwe anthu ankakhalapo madzulo, ndipo womanga nyumba yatsopano ankalamulidwa kumanga kampanda kuzungulira dengalo. Wina akagwa chifukwa kampandako kalibe, mlandu wa magazi ake unali pa nyumbayo. Mpingo sunasiye chiphunzitso chimenechi. M'kalata yake ya Pacem in Terris ya chaka cha 1963, Papa Yohane wa 23 anaika pogona m'gulu la maufulu a munthu aliyense, pamodzi ndi chakudya, chovala ndi chithandizo cha mankhwala. Tsono amene amachita malonda a pogona akuchita malonda ndi chinthu chimene mnzake sangakhale popanda icho. Wogulitsa kaunjika mungathe kumudutsa, koma usiku ukafika aliyense ayenera kulowa penapake.

Malamulo athu akuti chiyani?

Kwathu kuno malamulo alipo, ndipo ena ngakale kuposa ife. Lamulo la zaumoyo wa anthu, lotchedwa Public Health Act, linakhazikitsidwa m'chaka cha 1948. Lamuloli linapatsa makhonsolo udindo woonetsetsa kuti madera awo ngaukhondo, ndipo linatchula zinthu zimene zingaike moyo wa anthu pachiswe, monga nyumba yauve kapena yachinyezi, nyumba yosalowa mpweya ndi kuwala kokwanira, nyumba yothithikana anthu, chimbudzi chowonongeka ndi madzi oipa ongoyenderera pabwalo. Woyendera akapeza zotere amapereka kalata yochenjeza, yonena choti chikonzedwe ndi nthawi yake. Mwini wake akanyozera, nkhani imapita kubwalo la majisitireti. Lamulo la maboma aang'ono la 1998 linapatsa makhonsolo mphamvu yopanga malamulo a m'madera awo ndi yotolera msonkho wa malo ndi nyumba. Ndipo lamulo la mapulani a malo la 2016, lomwe linalowa m'malo mwa la 1988, limafuna kuti munthu asanamange mumzinda apereke pulani ndi kulandira chilolezo.

Izi ndi za m'mabuku. Zimene timaona ndi maso nzosiyana. Oyendera ngochepa pamene mizinda ikukula usana ndi usiku. Timawaona kwambiri m'malesitilanti, m'mabutchala ndi m'nyumba zogona alendo, chifukwa malo amenewa amafuna laisensi chaka ndi chaka. Kumdadada amafika pokhapokha wina akadandaula kapena matenda akabuka. Tikumbukirenso kuti kuyambira chaka cha 2005 mpaka 2014 dziko lino linalibe makhansala osankhidwa ndi anthu, kotero kuti kwa zaka zisanu ndi zinayi munthu wamba analibe womutuma kukafunsa zinthu zotere.

Nanga woyendera wodziwa ntchito yake akafika amaona chiyani? Sayamba ndi penti. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Amayamba kuseri, kuchimbudzi. Amafunsa kuti chimbudzi chimodzichi akugwiritsa ntchito mabanja angati, amaona ngati silabu yake njolimba, ngati pali chivindikiro, ndiponso ngati pali madzi osamba m'manja. Amayeza mtunda kuchokera pachimbudzi kukafika pachitsime. Azaumoyo amalangiza kuti pakhale mamita osachepera 30, ndipo chimbudzi chikhale kumunsi kwa chitsime osati kumtunda kwake. Ndi mapuloti angati a m'makwalala mwathu amene angakwanitse muyezo umenewu? Timakumba chitsime pano, mnzathu wa kuseri kwa mpanda n'kukumba chimbudzi chake mapazi khumi kuchokera pamenepo, aliyense m'malo mwake, aliyense osalakwa m'maso mwake. Mliri wa kolera umene unayamba ku Machinga mu Malichi 2022 unagwira anthu opitirira 58,000 ndi kupha opitirira 1,700, ndipo mu Januwale 2023 sukulu za mu Blantyre ndi Lilongwe zinachedwa kutsekulidwa chifukwa cha mliriwo. Kolera safunsa kuti mwini puloti ndani. Mwana wa landilodi amamwa chitsime chomwecho chimene amamwa mwana wa wochita lendi.

Kenaka amalowa m'nyumba ndi kuyang'ana mawindo. Eni nyumba ena amamanga chipinda chopanda windo pofuna kupulumutsa ndalama ya felemu ndi galasi. M'chipinda chotere chifuwa chachikulu chimafala msanga, ndipo mwezi wa Juni banja likalowetsa mbaula ya makala n'kutseka chitseko, mpweya wa makalawo, womwe ulibe fungo kapena mtundu, umatha kuwagoneka onse tulo tosadzuka. Amayang'ana ming'alu ya m'khoma, makamaka ija yoyenda chopingasa kuchokera pakona ya chitseko. Amayang'ana mawaya a magetsi, ngati analumikizidwa ndi munthu wodziwa ntchito kapena anangokokedwa kuchokera kwa aneba. Pomaliza amafunsa funso limene ambirife sitiliganizira: moto utabuka usiku, anthu awa atulukira pati? Taika zitsulo m'mawindo onse poopa akuba, geti ndi limodzi, takhoma ndi loko, ndipo kiyi ali ndi landilodi amene wapita kumudzi.

Pano tiulule zathu, chifukwa nkosavuta kuloza anzathu chala. Ifenso tili ndi zipinda ziwiri za lendi kuseri kwa nyumba yathu, zomwe tinamanga ndi ndalama za uphunzitsi. Chaka china mayi wa m'chipinda chimodzi anatiuza kawiri konse kuti pansi pa chimbudzi pachita mng'alu. Tinayankha monga amayankhira eni nyumba onse, kuti tiona mwezi ukatha. Mwezi usanathe kunagwa mvula ya masiku atatu, ndipo usiku wina tinamva chiphokoso. Chimbudzi chonse chinali chitatitimira m'dzenje. Munalibe munthu. Koma mayi uja anali ndi ana awiri aang'ono amene ankapita m'menemo m'mamawa uliwonse, ndipo Lamulungu lotsatira tinaima kutsogolo kuphunzitsa za kukonda mnansi mayiyo atakhala pabenchi lachitatu. Sananene kanthu. Kukanakhala kuti munthu wa yunifolomu anabwera ndi kalata yotipatsa masiku khumi ndi anayi, ndalama ya simenti tikanaipeza tsiku lomwelo. Mawu a mayiyo sitinawaope chifukwa tinkadziwa kuti alibe kopita.

Komwe woyendera safika

Pa 31 Ogasiti 2023, m'bandakucha, moto unabuka m'nyumba yosanja yotchedwa Usindiso, mumsewu wa Albert ku Marshalltown mumzinda wa Johannesburg. Anthu 76 anafa, ndipo pakati pawo panali Amalawi anzathu amene anapita kukasaka ganyu. M'kati mwa nyumbayo anthu anali atagawa zipinda ndi matabwa, makatoni ndi mapulasitiki. Njira zothawira zinali zotsekeka. Anthuwo sankakhala ulere ayi. Ankalipira lendi mwezi ndi mwezi kwa anthu amene analanda nyumbayo. Chomvetsa chisoni koposa nchakuti mwini wake weniweni wa nyumbayo anali khonsolo ya mzindawo. Komiti yofufuza, yomwe anaitsogolera woweruza wopuma Mayi Sisi Khampepe, inapeza m'chaka cha 2024 kuti akuluakulu a mzinda ankadziwa za mavuto a m'nyumbamo kwa zaka ndithu koma sanagwiritse ntchito malamulo awo omwe. Nkhani ya yemwe anayatsa motowo inapita kukhoti. Koma machesi amodzi sapha anthu 76 m'nyumba imene ili ndi makomo otseguka.

Kwathu kuno tili ndi chilonda chathu. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anagumula matope ndi miyala m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe, ndipo m'dziko lonse tinataya anthu opitirira 1,000 tikaphatikiza amene sanapezeke. Sitikunena izi pofuna kudzudzula omwalira. Ambiri anakwera m'phiri chifukwa kumeneko nkomwe malo ndi lendi zinali zotsika, ndipo zinali zotsika chifukwa kunali komwe akhonsolo safika. Amene anamanga nyumba za lendi kumeneko anataya chuma chawo chonse usiku umodzi, ndipo ena atsala ndi mtolo umene palibe ndalama ingawatule.

Koma tisanamizane

Wina muno akuti mumtima: “Aphunzitsi mukuyankhula ngati oyenderawo ndi angelo.” Ayi, si angelo. Tonse tamvapo za woyendera amene amaona vuto lalikulu m'mawa, koma akalandira ya fanta masana vutolo latha. Kuyendera kotere nkoipa kuposa kusayendera, chifukwa kumasandutsa lamulo kukhala msika, ndipo wolemera amagula chilolezo chopha nacho anthu pamene mayi wamasiye amalipitsidwa chifukwa cha dzala la zinyalala. Ndiye tidziwe ufulu wathu. Gawo 21 la malamulo oyendetsera dziko lino limateteza munthu kuti nyumba yake isamangosechedwa mwachisawawa, choncho muli ndi ufulu wopempha woyendera kuti aonetse chiphaso chake ndi kunena chimene wadzera. Gawo 43 limati ofesi ya boma ikachita chinthu chokhudza ufulu wanu iyenera kutsata chilungamo ndi kukupatsani zifukwa zolembedwa. Mukauzidwa kuti mwalakwa, pemphani kalata. Ndalama iliyonse ikaperekedwe kuofesi ndipo mulandire lisiti la khonsolo. Wina akapempha chiphuphu pali bungwe la Anti-Corruption Bureau, ndipo ofesi ikakuchitirani zosalungama pali a Ombudsman. Komanso tinene mosabisa kuti chiphuphu chili ndi manja awiri, ndipo dzanja lopereka nthawi zambiri ndi la mkhristu.

Pali dandaulo lina lolemera kuposa ili. Khonsolo itati lero itseke nyumba iliyonse yosakwanira muyezo, theka la mzinda lingagone panja. Ndiponso mwini nyumba akakakamizidwa kukonza, mawa lake amakweza lendi, ndipo mmphawi uja timati tikumuteteza amasamukira kumtunda kwenikweni kwa phiri. Vuto ili ndi loona ndipo sitiyenera kulizemba. Maganizo athu ndi akuti kuyendera kuyambe ndi zinthu zimene zimapha: chimbudzi, madzi akumwa, khoma lofuna kugwa, mawaya ndi khomo lothawira. Za siling'i ndi matailosi zidikire. Izi si zachilendo m'dziko muno. Madera monga Kawale, Area 25 ndi Zingwangwa anakonzedwa kalekale kuti munthu wopeza pang'ono apatsidwe puloti yopimidwa bwino, yokhala ndi msewu ndi madzi pafupi, n'kumanga ndi zipangizo zimene angakwanitse. Muyezo wa mmphawi ungathe kukhala wosavuta popanda kukhala wakupha.

Nanga wochita lendi angakadandaule bwanji? Akatero, mwezi ukatha amauzidwa kuti nyumba ikufunika, mwana wa eni ake akubwera. Mizinda ina inapeza njira yozembera msampha umenewu. Ku Los Angeles m'dziko la America, kuyambira chaka cha 1998, khonsolo imayendera nyumba za lendi zokhala mabanja awiri kapena kuposerapo popanda kudikira dandaulo, pafupifupi zaka zinayi zilizonse. Eni nyumba amapereka kandalama pachaka kolipirira ntchitoyi. Mwini nyumba akakana kukonza, khonsolo ingathe kutsitsa lendi ndi kulola okhalamo kuti azipereka lendiyo ku thumba limene khonsolo imasunga mpaka nyumba itakonzedwa. Kumenekonso alipo amalonda amene amadana nazo n'kukagula nyumba m'mizinda yosayendera, choncho malangizo a pabawo aja si a kuno kokha. Sitikuti titengere zonse za ku America, thumba lathu ndi lina. Chimene tikutolapo nchakuti woyendera akamafika pakhomo lililonse mwa ndondomeko, palibe amene angalozedwe chala kuti ndiye kazitape.

Tsono timange kuti?

Tibwerere kwa bambo uja wa penshoni. Choyamba chimene timamufunsa nchakuti: malo mukufuna kugulawo ngayani? M'mizinda yathu malo amakhala m'manja mwa Unduna wa za Malo, khonsolo, Malawi Housing Corporation kapena munthu amene ali ndi mapepala a umwini. Kalata ya mfumu ya m'tauni imachitira umboni kuti munapereka ndalama, koma siisandutsa malo a msewu kukhala anu. Musanapereke ngakhale tambala, pitani nokha kuofesi ya malo ndi kukhonsolo, osatuma dobadoba amene akukugulitsaniyo, mukafunse ngati pamalopo sipadzadutsa msewu, ngati si m'mbali mwa mtsinje, pansi pa mawaya akuluakulu a magetsi kapena malo osungira sukulu. Safunsa anadya phula. Puloti imodzi kugulitsidwa kwa anthu atatu si nthano, milandu yake yadzaza m'makhoti.

Chachiwiri, malo musakawaone mu Seputembala. Mu Seputembala dambo lililonse limaoneka ngati bwalo la mpira. Pitani mu Febuluwale, mvula itangokata, mutavala nsapato zimene simuzikonda. Ndipo musafunse wogulitsa. Pitani pamjigo mukafunse amayi achikulire kuti madzi analekeza pati mu Januwale 2015, mu Malichi 2019 ndi mu Malichi 2023. Iwo adzakulozerani pakhoma penipeni pamene panafika matope. Mufunsenso kuti madzi akumwa amatunga kuti, minibasi imalekeza pati, ndipo ambulansi ingafike pakhomo kapena ayi. Wochita lendi wokhulupirika, uja amalipira pa tsiku lake ndi kukhala zaka zisanu, amatsata zinthu zimenezi. Kumene kulibe, mudzalandira anthu osamuka usiku.

Apa tiwerengetsere pamodzi, monga Ambuye anatichenjeza pa Luka 14 za munthu wofuna kumanga nsanja. Tiyerekeze anthu awiri alandira penshoni yofanana. Woyamba wagula malo otchipa m'mbali mwa mtsinje n'kumanga zipinda khumi za zidina pamaziko a dothi, chimbudzi chimodzi. Wachiwiri wagula puloti ya mapepala, wapereka pulani, wadikira, ndipo ndalama yake yangokwanira zipinda zinayi za maziko a simenti ndi zimbudzi ziwiri. Chaka choyamba woyamba uja ndiye amaoneka wochenjera, ndipo tisakane, amatolera zambiri. Wachiwiri ali ndi msonkho wa khonsolo woti alipire pamwamba pake. Koma chaka ndi miyezi khumi ndi iwiri, ndipo nyumba ya lendi simalipira miyezi yonseyo. Chotsanipo miyezi imene chipinda chimakhala chopanda munthu, miyezi imene wokhalamo wachotsedwa ntchito, ndi mwezi umodzi pachaka umene mwini nyumba wanzeru amasunga kuti akonzere zowonongeka. Kenaka onjezani khoma limodzi logwa pa zaka zitatu zilizonse. Pamene ndalama ya kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, ndiponso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya simenti ndi malata inakwera nthawi yomweyo, koma palibe mwini nyumba amene akanatha kukweza lendi ndi muyezo womwewo popanda kutsala ndi zipinda zopanda anthu. Kumanga kawiri kumadula kuposa kale. Pamwamba pa izi, nyumba yopanda mapepala banki siilandira ngati chikole, wogula wanzeru amaithawa, ndipo inu mukadzatsikira kuli chete ana anu adzalimbana ndi anthu amene simunawaonepo, aliyense atanyamula kalata yake.

Ife tikafunsidwa timati zipinda zinayi zija nzabwino kuposa khumi. Tikudziwa kuti ena simugwirizana nafe, ndipo nthawi ya mafunso tikumverani.

Mawu amodzi kwa abale amene ali kunja, ku South Africa kapena ku Britain, ndipo amamangitsa nyumba pafoni. Inu ndinu amene muyenera kukonda dera limene oyendera amafikako kuposa wina aliyense. Chithunzi cha pa WhatsApp sichionetsa kuchuluka kwa simenti m'matope, ndipo mlamu wanu amene akuyang'anira ntchitoyo simungamufunse lisiti popanda kuyambitsa nkhani m'banja. Khoswe akakhala pamkhate sapheka. Munthu wapadera woona maziko asanakwiriridwe ndi maso anu achiwiri.

Nanga ife amene tinamanga kale?

Ambiri muno nyumba zathu zili kale komwe akhonsolo safika, ndipo sitingazinyamule. Pamenepa pali ntchito ziwiri. Yoyamba ndi ya m'nyumba mwathu. Mwini nyumba ndi wochita lendi alemberane pangano, ngakhale papepala la m'kope la sukulu, pamaso pa mboni ziwiri. Panganolo linene lendi ndi tsiku lolipira, nthawi yochenjezana munthu asanasamuke kapena lendi isanakwere, ndiponso amene adzakonze chiyani. Denga, khoma, chimbudzi ndi mawaya ndi za mwini nyumba. Kusesa, kutaya zinyalala m'dzala, kusathira madzi m'tsinde mwa khoma ndi kunena msanga chinthu chikawonongeka ndi za wokhalamo. Inunso ochita lendi muli ndi mbali yanu. Kulowetsa anthu asanu ndi atatu m'chipinda chimene munapangana anthu atatu, kapena kuthawa usiku ndi lendi ya miyezi iwiri ya mayi wamasiye, nakonso ndi kuba. Ndipo inu eni nyumba, kuchotsa chitseko kapena malata pofuna kutulutsa munthu wa ngongole si njira ya lamulo. Nkhani yotere ili ndi bwalo lake.

Ntchito yachiwiri ndi ya unzika. Khansala tinamusankha ndife, ndipo lamulo lopatsa anthu mwayi wopeza nkhani za m'maofesi a boma, lomwe linayamba kugwira ntchito mu Seputembala 2020, limatilola kufunsa ndi kuyankhidwa. Timulembere kalata khansala wathu, yosainidwa ndi eni nyumba ndi ochita lendi pamodzi, yofunsa kuti khonsolo ili ndi oyendera zaumoyo angati, anafika liti komaliza m'dera lathu, munthu wodandaula apite pakhomo liti ndipo dzina lake lidzasungidwa bwanji, komanso kuti msonkho umene umatoleredwa kuno wagwira ntchito yanji ya ngalande ndi zinyalala. Tisunge kope ya kalatayo ndi tsiku limene tinaipereka.

Tisanadikire yankho, a komiti ya chitukuko apempha kuti mphakati uliwonse usankhe anthu anayi, eni nyumba awiri ndi ochita lendi awiri, mwa iwo amayi asachepere awiri. Anthu amenewa apemphe mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lawo kuti ayende nawo, ndipo alowe pokhapokha pamene eni ake ndi okhalamo avomera. Pakhomo lililonse aone chimbudzi, chitsime, mawindo, makoma, mawaya ndi potulukira, alembe zinthu zosapitirira zitatu zofunika kukonza msanga, apangane tsiku lodzabweranso, ndipo zimene aona zisakhale nkhani ya pamjigo. Pamene mwini nyumba ndi wokalamba kapena wamasiye wosowa pogwira, achinyamata a mphakati akumbe dzenje ndipo banki m'khonde ione za thumba la simenti. Malipoti tidzawamva pamsonkhano wa mwezi wamawa.

Gulu la mphakati wathu liyambire kwathu Loweruka likudzali, nthawi ya 8 koloko m'mawa. Chimbudzi chatsopano chili kuseri, kumanzere kwa mtengo wa mango, ndipo windo la chipinda chachiwiri silitseguka bwino. Limenelo mulembe ndithu.